Momwe mungayambire masewera a pathebulo ophatikiza nkhani ndi kusamala chuma

Munthu amene akutsegula bokosi la masewera a mtundu umenewu koyamba kawirikawiri amadabwa kupeza buku lochindikala pakati pa makadi, madayisi ndi tizidutswa toimira nkhuni ndi chakudya. Bukulo si la malamulo ayi, koma la nkhani, ndipo linagawidwa m'ndime za manambala zimene siziwerengedwa motsatana. Wosewera akafika pamalo ena pabolodi amauzidwa nambala ya ndime, mnzake amamuwerengera mokweza, kenako iye amasankha chochita. Nzeru imeneyi si yatsopano, pakuti masewera a Tales of the Arabian Nights, amene Eric Goldberg anakonza, anatuluka mu 1985 ali kale ndi buku lotere. Chimene masewera a zaka zaposachedwapa anawonjezera ndi nkhokwe: chilichonse chimene mwasankha m'nkhanimo chimadya chakudya, nkhuni, ndalama kapena mphamvu za anthu anu, ndipo zinthuzo sizikwana ngakhale pang'ono. Wotengeka ndi nkhani yokha amafa ndi njala, pamene wongowerengera nkhuni amamaliza masewera osadziwa n'komwe chimene chinagwera anthu ake.

Choyamba, sankhani masewera molingana ndi gulu lanu

Funso loyamba ndi lakuti muli ndi nthawi yochuluka bwanji, ndipo kodi anthu omwewo adzabweranso. Ngati mukufuna kumaliza tsiku lomwelo, yambani ndi Above and Below, amene Ryan Laukat anatulutsa mu 2015. Amaseweredwa ndi anthu 2 mpaka 4, amatha pa zigawo 7 (chigawo chimatha osewera onse akamaliza mipata yawo), ndipo aliyense amamanga mudzi wake kwinaku akutumiza anthu kukafufuza m'mapanga. Ngati gulu lanu limakonda kukhala mbali imodzi polimbana ndi bolodi, pali Robinson Crusoe: Adventures on the Cursed Island a Ignacy Trzewiczek, amene kampani ya Portal Games ya ku Poland inatulutsa mu 2012, koma dziwani kuti amenewa alibe chisoni ndi ongoyamba kumene. Sleeping Gods a mu 2021, amenenso ndi a Laukat, amafuna kukumana maulendo angapo, chifukwa ulendo wa sitima ya Manticore ndi kaputeni wake Sofi Odessa sutha pa tsiku limodzi. This War of Mine a mu 2017 amanena za anthu wamba otsekeredwa mumzinda wa nkhondo, ndipo nkhani zake n'zolemera kwambiri moti si oyenera ana.

Chachiwiri, munthu mmodzi aphunzire malamulo tsikulo lisanafike

Ayale bolodi yekha, asewere zigawo ziwiri, koma asatsegule buku la nkhani kupitirira pamene malamulo amulamula. Pofotokozera anzake, ayambe ndi mmene masewerawo amathera, kenako zimene munthu angachite mpata wake ukafika. Malamulo ang'onoang'ono adzanenedwa akafunika.

Chachitatu, pezani chinthu chimene chidzayambe kutha

Apa ndi pamene pagona masewera onse, ndipo ndi bwino kupatulapo mphindi zingapo musanaponye dayisi loyamba. Masewera ambiri a mtunduwu ali ndi ngongole imene imabwera chigawo chilichonse, kaya nkhani ikukoma kaya ayi. Mu Robinson Crusoe munthu aliyense amadya chakudya chimodzi usiku uliwonse, ndipo wosadya amalandira mabala 2, pamene wogona popanda msasa amalandira bala limodzi. Osewera atatu ndiye kuti amafuna zakudya 3 usiku uliwonse, zimene pa mausiku 10 zimakwana 30, komanso chakudya chambiri chimawola kukacha, choncho simungachiunjike n'kupuma. Pamwamba pa zimenezi, nkhani yoyamba ya m'bokosimo imafuna kuti muunjike nkhuni 15 ndiponso mukhale ndi moto m'zigawo zomaliza, kuyambira cha 10 mpaka cha 12, kuti sitima yodutsa ikuoneni. Nkhuni zomwezo ndi zimene zimafunika pomanga denga mvula isanayambe, ndipo imene mwaika pamulu simungaitengenso. Mukawerengera motere musanayambe, mumaona msanga kuti chisumbucho sichikupatsani zigawo zongoyendayenda.

Mu Dead of Winter, amene anatuluka mu 2014 ndipo amanena za anthu opulumuka amene athawira pamalo amodzi m'nyengo yozizira, ngongoleyo imakula ndi chifundo chanu, chifukwa anthu awiri aliwonse okhala pamalo othawirapo amadya chakudya chimodzi pa chigawo, motero mlendo aliyense amene nkhani yakupemphani kuti mumulandire ndi pakamwa pena podyetsa. Mu The 7th Continent a mu 2017 chinthu chotha ndi mulu wa makadi womwe mumatolapo pochita chilichonse. Muluwo ndiwo moyo wanu, ndipo ukatha, khadi limodzi la temberero likhoza kuthetsa ulendo wonse. Wosewera amene sanazindikire zimenezi amatola makadi ambiri pa kanthu kakang'ono, osadziwa kuti akudzidyera masiku ake.

Chachinayi, werengani nkhani mokweza, koma bisani zotsatira

Wowerenga asakhale mwini mpata. Agwire buku moti ena asaone tsamba, awerenge ndime yonse mosathamanga, atchule zosankha pamodzi ndi mtengo wake, n'kuima pomwepo. Zimene zichitike pambuyo pa chosankha zimalembedwa pafupi kwambiri, nthawi zina mzere wotsatira, ndipo wowerenga amene nkhope yake imaulula zinthu amawononga masewera kuposa amene amalakwitsa malamulo. Dead of Winter anakonza zimenezi mwa njira yawoyawo: wokhala kudzanja lamanja la mwini mpata amatola khadi la nkhani, amaliwerenga chamumtima, ndipo amalitulutsa pokhapokha ngati mnzakeyo wachita chimene chalembedwa pamwamba pake. Pa chifukwa chimenechi mwini mpata amasewera akudziwa kuti pali maso amene akumudikira.

Ndimaona kuti magulu ambiri akatopa amayamba kudumpha ndime n'kumangofunsa kuti, "Ndiye tipeza chiyani?" Zikafika pamenepo ndi bwino kuima kaye, chifukwa ndimezo nthawi zambiri zimakhala ndi chenjezo lobisika, monga mapazi a nyama pafupi ndi madzi kapena mlendo amene akulankhula mokoma mopitirira muyeso.

Chachisanu, funsani mtengo wa mawa, osati wa lero lokha

Musanasankhe, yang'anani nkhokwe yanu n'kudzifunsa kuti mukalephera mudzatsala ndi chiyani, ndiponso mukapambana mudzakhala mwawononga chiyani. Funso lachiwirili ndi limene anthu amaiwala. Mu Above and Below ulendo wa kuphanga umafuna anthu osachepera awiri, ndipo chosankha chilichonse chili ndi chiwerengero cha nyali zimene muyenera kupeza poponya madayisi. Nyali zikaperewera, malamulo amakulolani kukakamiza munthu wanu kuti awonjezere nyali imodzi, koma munthuyo amavulala. Bedi la m'mudzi mwanu, limene munthu amapumulapo, limamusuntha sitepe imodzi yokha pa chigawo, kuchoka pa ovulala kupita pa otopa, kenako kuchoka pa otopa kupita pa okonzeka kugwira ntchito.

Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Pa chigawo choyamba ndinatumiza anthu anga onse atatu kuphanga, ndinasankha chovuta kwambiri chifukwa ndicho chinkamveka chaulemu, ndipo madayisi atandikana ndinakakamiza awiri mwa iwo. Ndinapambana ndithu, anzanga anaombera m'manja, koma chigawo chachiwiri chinandipeza ndili ndi wantchito mmodzi yekha, wosakwanira ngakhale kubwerera kuphanga, pamene enawo ankamanga nyumba ndi kuphunzitsa anthu atsopano. M'masewera a zigawo 7, chigawo chimodzi chotayika sichibwezeka. Sindikunena kuti kukakamiza n'kolakwika nthawi zonse. Pa chigawo chomaliza, pamene mawa kulibe, kakamizani aliyense amene angathe.

Robinson Crusoe amaika funso lomweli m'manja mwanu mwa njira ina. Aliyense ali ndi tizidole tiwiri, ndipo mukaika tonse tiwiri pa ntchito imodzi yomanga, ntchitoyo imatheka mosakayika. Mukaika kamodzi kokha mumagwira ntchito ziwiri pa chigawo, koma mumaponya madayisi atatu: lina la kupambana kapena kulephera, lina la bala, lina la khadi la zochitika. Malangizo anga ndi akuti ntchito imene gulu silingakhale popanda iyo usiku umenewo, monga msasa, muziipatsa tizidole tiwiri, ndipo madayisi muziwasiyira zimene mungapirire zitakanika.

Chachisanu ndi chimodzi, sungani mbiri ya zimene nkhani yakukongozani

Masewera abwino a mtunduwu saiwala. Makadi ena a zochitika mu Robinson Crusoe amakupatsani phindu lero, kenako amasakanizidwa mu mulu wa makadi a m'mawa uliwonse, ndipo theka lake lachiwiri limadzatuluka pambuyo pake ngati chilango. Mukadya zipatso zosadziwika chifukwa cha njala, yembekezerani kuti mimba idzayankha tsiku lina, ndipo konzekerani. Mu Sleeping Gods mumalandira makadi okhala ndi mawu apadera, ndipo ndime za m'buku zimafunsa ngati muli ndi mawu akutiakuti zisanakutsegulireni njira ina. Sankhani munthu mmodzi woti azilemba papepala malo amene mwafikako, amene munasiya chifukwa chosowa zida, ndi malonjezo amene munapanga, pakuti pakapita milungu iwiri palibe amene amakumbukira kuti nkhalamba ija inali pa chisumbu chiti.

Chachisanu ndi chiwiri, gwirizanani za khalidwe la pathebulo

M'masewera ogwirizana mumapezeka munthu amene amaona patali kuposa anzake n'kuyamba kulamula aliyense, mpaka enawo amangokhala osunthira tizidole. Gwirizanani musanayambe kuti uphungu ndi wa onse koma mawu omaliza ndi a mwini mpata, ngakhale ena ataona kuti akulakwitsa. Mu Dead of Winter zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa aliyense ali ndi cholinga chake chachinsinsi ndipo mwina mmodzi mwa inu ndi mthirakuwiri, choncho wobisa chakudya sangaweruzidwe mwachangu. Gwirizananinso kuti ndime ikawerengedwa palibe kubweza chosankha. Kulakwitsa lamulo kungakonzedwe, koma kusankha molakwika ndi mbali ya nkhaniyo, ndipo kawirikawiri ndi kumene gulu limadzakambirana kwambiri pambuyo pake.

Ngati masewera anu ndi a maulendo angapo, imani pamalo amene malamulo amalola kusunga, osati pakati pa nkhondo kapena pakati pa ndime. Ikani makadi ndi zinthu za munthu aliyense m'kathumba kakekake, jambulani bolodi ndi foni musanapasule, ndipo pepala la mbiri lija muliike pamwamba penipeni m'bokosi, kuti podzakumananso wowerenga adzayambe ndi kukumbutsa gulu pamene sitima inaima ndi chakudya chimene chinatsala.