Momwe mungalawire mowa wa IPA kuno ku Tete osataya ndalama pachabe

Anthu ambiri akangolawa IPA (mtundu wa mowa wotchedwa India Pale Ale) koyamba amakwinya nkhope n'kunena kuti awa ndi mankhwala a malungo, ndipo sindiwadzudzula, pakamwa pozolowera 2M ndi Manica pamayenera kudabwa. Mowa wa IPA amathiramo ma hops ambiri, timaluwa tobiriwira tomwe timabweretsa kuwawa ndi fungo, ndipo mphamvu yake imakhala cha pa 6 kapena 7 peresenti, wina amati double IPA umafika 8 kupita mtsogolo, pomwe 2M sifika n'komwe pa 5. Ndiye idyani kaye nsima akuluakulu, musapite ndi njala.

Mukafika pamalo pomwe amafulula okha, musayambe ndi kuitanitsa kapu yaikulu. Pemphani kolawa pang'ono, ambiri sakana. Mtengo wake ndi wowawa kuposa mowawo, ndalama ya kapu imodzi mutha kugula nayo ma 2M angapo pa baraka, chifukwa ma hops kuno salimidwa, amachokera kutali ngati ku George ku South Africa kapena ku America komwe kumachokera mitundu ya ma hops ya Citra ndi Cascade.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, funsani tsiku lomwe mowawo unafululidwa. Fungo la ma hops silichedwa kuthawa, pakatha miyezi itatu limakhala layamba kale kuzilala, ndiye kukatentha zimafulumira kwambiri, ndipo inu mukudziwa dzuwa la mu Okutobala mu mzinda wa Tete momwe limapitirira madigiri 40. Ine mkulu wina wogulitsa m'mabotolo anandigulitsa IPA yomwe ankati yangofika kumene, kufika nayo kwathu ku Ulongué kutsegula, fungo la zipatso lija kulibe, kunangotsala kuwawa kouma ndi kafungo ka katoni yonyowa, kumbuyo kwa botolo malo a deti anali atapalidwa ndi chikhadabo. Mabotolowo ankakhala pa khonde tsiku lonse n'kumalowa mu jeleira madzulo okha kuti wogula agwire chozizira. Botolo lozizira m'manja silikuuzani komwe lagona sabata yonse, ndiye yang'anani deti, ngati palibe kapena lafufutika siyani, musachite manyazi. Kuwala nakonso kumawononga ma hops, botolo loyera kapena lobiriwira likakhala padzuwa mowa umanunkha, labulauni ndi labwinoko, chitini ndiye chimaposa onse. Ngati mukunyamula ulendo wa ku Angónia pa shapa, ikani mu kula bokosi ndi ayisi, osati pansi pa mpando pafupi ndi injini, ndipo mowa womwe akuthirirani kuchokera pa mpopi wawo imwani tsiku lomwelo kapena mawa lake basi.

Osamwera m'botolo, mphuno sizimva kanthu. Kapu ikhale yotsukidwa bwino, yopanda sopo kapena mafuta chifukwa zimapha thovu. Pendeketsani pothira, chakumapeto muimike kuti pamwamba pakhale thovu la zala ziwiri. Kuzizira kwake kukhale cha pa madigiri 7 mpaka 10, ukatuluka mu firiza uli ndi ayisi dikirani pang'ono, koma kuno kwathu mphindi zochepa zimakwana, ndi chifukwa chake ndimati kapu yaing'ono ndiyo yabwino, yaikulu imafunda musanafike pakati.

Nunkhizani musanamwe, mumva mandimu, mango kapena utomoni wa paini. Kenako kapu kukamwa, musameze msanga, kuwawa kumabwera kumapeto pakhosi ndipo pofika ulendo wachitatu lilime limakhala lazolowera. Ena amalemba nambala ya IBU pa bolodi, imeneyo ndi ya kuwawa, ikadutsa 60 oyamba kumene adzalira.

Zodyera pamodzi, kanyenya wa mbuzi ya ku Tete amagwirizana nawo zedi, koma piripiri chepetsani chifukwa IPA imawonjezera moto wake. Madzi akhale pambali. Ngati ali ndi mitundu ingapo yambani ndi wofewa, IPA pomaliza. Makapu awiri akwana, ndipo makiyi a njinga yamoto mupatse mnzanu amene akumwa Fanta.