Kompyuta ya mu ofesi ikakana kulowa pa domain

Musanayambe, khalani ndi pasiwedi ya local administrator (akaunti yoyang'anira kompyutayo payokha) komanso IP (adilesi ya pa netiweki) ya seva ya domain (netiweki ya ofesi yomwe maakaunti ndi makompyuta ake amayang'aniridwa ndi seva).

1. Onani ngati kanyali kapachingwe cha netiweki kakuthwanima.
2. Lowani ngati local administrator, tsegulani Command Prompt (pulogalamu yolembamo malamulo), lembani ipconfig /all. IP ikayamba ndi 169.254, DHCP (yomwe imagawira makompyuta ma IP) sinapereke adilesi. Lembani ipconfig /renew.
3. Yang'anani DNS (yomwe imamasulira mayina kukhala ma IP). Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaikapo 8.8.8.8 (DNS ya Google) poona kuti intaneti ikuyenda, pomwe Google sidziwa domain yanu. Ikanipo IP ya seva, kenako ipconfig /flushdns.
4. Fananizani nthawi ya pa kompyuta ndi ya seva. Zikasiyana kupitirira mphindi 5, Kerberos (yomwe imatsimikizira olowa pa domain) imakana ngakhale pasiwedi yolondola.
5. Kompyuta ikadandaulabe za trust relationship (kukhulupirirana kwake ndi domain), ichotseni pa domain, muilowetsenso.