Mmene mungatsatire mbiri ya Selfkant, dera la Ajeremani lomwe linalamulidwa ndi Adatchi zaka 14

Ngati mwapatsidwa ntchito yofufuza za Selfkant, kaya ndi ya kusukulu kaya mumangokonda mbiri ya maboda, choyamba musathamangire ku Google ndi dzina la mudzi, yambani ndi deti. Dera limeneli lili kumadzulo kwenikweni kwa Germany, pafupi ndi tauni ya Sittard ya ku Netherlands, ndipo anthu ake sanasamuke ayi, koma ofesi yowalamulira ndi yomwe inkasinthasintha, ndiye pepala la 1948 ndi la 1950 la banja limodzimodzi litha kukhala m'mayiko awiri osiyana.

Ndiye tengani kope mulembe madeti awiri awa pamwamba penipeni, 23 April 1949 ndi 1 August 1963. Chilichonse chomwe mungapeze muzichifunsa kuti kodi chinalembedwa asanafike Adatchi, ali momwemo kapena atachoka. Mukachita zimenezi theka la ntchito latha kale.

Kenako mvetsani kaye kuti zinafika bwanji pamenepo chifukwa mukadumpha gawo ili mapepala enawo akusokonezani. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 dziko la Netherlands linali litaphwanyidwa koopsa ndi Ajeremani, ndiye kunabuka maganizo oti alandeko malo ngati chipukuta misozi. Pulani yodziwika kwambiri inali ya Frits Bakker Schut yomwe inkafuna chigawo chachikulu zedi, mizinda ndi mizinda, koma America ndi Britain anakana, iwo anali kale ndi mutu waukulu wa anthu othawa kwawo omwe anadzaza Germany komanso nkhani ya Soviet Union inali itayamba kutentha. Atakambirana ku London mu 1948, mu March 1949 ku Paris anagwirizana zongokonza boda pang'ono, ndipo Adatchi anangopeza malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 69 okhala ndi anthu ngati 10,000. Zidutswa zazikulu zinali ziwiri, Elten kumpoto ndi Selfkant kumwera. Onani mapu muone chifukwa chake ankafuna Selfkant, pamenepo dziko la Netherlands ndi lopyapyala mpaka makilomita osakwana 5 pakati pa Belgium ndi Germany, ndipo Selfkant inalowa pakati pa mbali ya kumwera ndi ya kumpoto ya Limburg, chigawo cha dziko la Netherlands.

Apa pali msampha womwe ambiri amagwamo. Osalemba kuti Selfkant inasanduka Netherlands basi. Mgwirizano unali woti Adatchi aliyendetse mongoyembekezera mpaka padzakhale pangano la mtendere ndi Germany, ndipo n'chifukwa chake sanalipange kukhala khonsolo wamba ngati ena a ku Limburg. Analipatsa dzina lakelake loti Drostambt Tudderen, likulu lake pamudzi wa Tüddern, ndipo pamwamba anaikapo landdrost, bambo Hubert Dassen. Munthu ameneyu mumuganizire ngati DC wosankhidwa ndi boma koma woti ntchito ya meya ndi ya makhansala yonse ili m'manja mwake. Elten nayo inali ndi landdrost wake payokha, Adriaan Blaauboer, ndiye musasakanize mafayilo a madera awiriwa, anthu amawatchulira limodzi koma anali maofesi awiri osiyana.

Ndiye mukamasaka mapepala a nthawi imeneyo musataye nthawi kufunafuna zotsatira za zisankho za khonsolo ya Tüddern. Sakani zidziwitso za landdrost, makalata a pakati pa iye ndi boma ku The Hague, nkhani za misewu, nyumba, zilolezo. Anthu aja anakhalabe nzika za Germany koma m'mapasipoti mwawo munkadindidwa mawu a Chidatchi onena kuti mwini wake azitengedwa ngati Mdatchi, ndalama yogwiritsa ntchito inali guilder, ndipo ambiri ankakagwira ntchito ku migodi ya malasha ya ku Limburg. Ine ndimaona kuti chidindo chimenecho ndi chomwe chimafotokoza bwino dera lonseli kuposa mapangano onse aja, munthu akulipira msonkho kwa boma lomwe sangalivotere.

Chachitatu lembani midzi yonse m'masipelo awiri. Tüddern Adatchi amalemba Tudderen, Selfkant amalemba Zelfkant, Süsterseel amachotsa timadontho tija. Midzi ina yoti ikhale pamndandanda wanu ndi Havert, Höngen, Millen, Wehr, Hillensberg ndi Isenbruch, komwe kuli malo a kumadzulo kwambiri a Germany yonse. Izi zikuoneka zazing'ono koma kompyuta ilibe nzeru, mukalemba sipelo ya Chijeremani munyuzipepala za Chidatchi ikubweretserani zochepa ndipo mudzaganiza kuti palibe chinalembedwa.

Tsopano koti mukasake. Yambani ndi Delpher, webusayiti yaulere ya nyuzipepala zakale za ku Netherlands, simukusowa kulipira kapena kukwera ndege. Ikani Tudderen kapena landdrost Dassen, chepetsani zaka kuyambira 1949 mpaka 1963, ndipo muyang'ane kwambiri Limburgsch Dagblad poti inali nyuzipepala ya m'chigawo chomwecho. Chidatchi chikakuvutani koperani mawuwo muike mu pulogalamu yomasulira, koma maina ndi madeti muziwerenga nokha pachithunzi cha tsambalo chifukwa zilembo zakale makina amazinamiza. Mukafuna mafayilo enieni a boma, mbali ya Adatchi funsani ku Historisch Centrum Limburg ku Maastricht ndi ku Nationaal Archief ku The Hague. Mbali ya Ajeremani ndi akaivu ya boma la Heinsberg komanso Landesarchiv ya North Rhine-Westphalia ku Duisburg. Lembani imelo yaifupi, mudzi, chaka, ndi mtundu wa pepala lomwe mukufuna, osayamba kuwafotokozera mbiri yonse ya nkhondo, amaidziwa kale.

Kwa omwe akusaka za makolo a munthu, dziwani kuti pali malire a zaka. Ku Germany kaundula wa obadwa amatsegulidwa pakatha zaka 110, wa maukwati 80, wa omwalira 30. Ku Netherlands ndi 100, 75 ndi 50. Werengerani nokha muona kuti za omwalira pakati pa 1949 ndi 1963 zinatseguka kale mbali zonse ziwiri, koma za obadwa nthawi imeneyo zikadali zotseka pokhapokha ngati ndinu mwini wake kapena wachibale weniweni.

Chinanso chomwe chimazunguza mutu ndi dzina loti Selfkantkreis Geilenkirchen-Heinsberg. Mukaliona papepala la m'zaka za m'ma 1950 mutha kuganiza kuti ndi boma la Adatchi lija, ayi ndithu. Limeneli ndi boma la mbali ya Germany lomwe Selfkant inali pansi pake isanalandidwe, linapangidwa mu 1932 pophatikiza Geilenkirchen ndi Heinsberg, ndipo anawonjezera dzina la Selfkant kutsogolo mu 1951 dera lenilenilo lili m'manja mwa eni ena, pofuna kusonyeza kuti sanalitaye. Ndiye pepala lolembedwa Selfkantkreis ndi la Ajeremani, lolembedwa Drostambt ndi la Adatchi.

Za kubwezedwa kwake gwiritsani madeti awiri musaphatikize. Pangano pakati pa Netherlands ndi West Germany linasainidwa pa 8 April 1960 koma dera linabwerera pa 1 August 1963, zaka zitatu zonsezo landdrost anali akugwirabe ntchito. West Germany inalipira mamaki (ndalama ya dzikolo nthawi imeneyo) 280 miliyoni, ndipo apa samalani polemba chifukwa ena amangoti anagulanso malo awo ndi ndalama imeneyo, pomwe panganolo linali la nkhani zambiri, mwachitsanzo 125 miliyoni mwa ndalamazo inali ya anthu omwe anazunzidwa ndi chipani cha Nazi. Si zonse zinabwerera, phiri la Duivelsberg pafupi ndi Nijmegen linatsala ku Netherlands mpaka lero.

Mukamawerenga nyuzipepala za usiku wa 31 July 1963 mukumana ndi nkhani ya batala. Amalonda ochenjera anadzaza malole ndi batala ndi katundu wina n'kukaimika ku Elten, pakati pa usiku boda inasuntha, kutacha katundu yense anali ali mu Germany osalipira kasitomu ngakhale kobiri. Nkhani yokoma kwambiri ndipo aliyense amafuna kuiika, ikani, koma tchulani kuti yotchukayo inachitikira ku Elten.

Musatsekere fayilo pa 1963. Midzi ija itabwerera inaphatikizidwa pa 1 July 1969 kukhala khonsolo imodzi yotchedwa Selfkant, ndipo pa 1 January 1972 inalowa m'boma latsopano la Heinsberg, ndiye fayilo ya munda umodzi itha kudutsa m'maina anayi a maofesi. Komanso pali msewu wa N274 womwe Adatchi anamanga kudutsa m'derali kuti ulumikize mbali ziwiri za Limburg. Dera litabwerera msewuwo unakhalabe m'manja mwa Netherlands, galimoto zinkadutsa mu Germany popanda pokhotera kulowa m'midzi, mpaka mu February 2002 pomwe unaperekedwa kwa Ajeremani n'kukhala L410. Ndiye ngati funso lanu ndi la msewu umenewu, mapepala a pakati pa 1963 ndi 2002 muyambe kuwafunsa mbali ya Adatchi.