Mmene mungasankhire pisitolo yokwana dzanja lanu

Anthu akamakambirana zogula pisitolo nkhani imathera pa mayina, uyu akuti Glock basi, winayo akuti CZ ndiye mfuti yeniyeni, koma manja athu ndi osiyana abale, ndipo mfuti yomwe mnzako amamenya nayo pakatikati iwe ikhoza kumakuthawira kumanzere tsiku lonse. Zili ngati nsapato, saizi ya mnzako siingakuuze kanthu. Ndiye mukalowa mu shopu yovomerezeka chitani izi.

Choyamba wogulitsa achotse magazini, akokere slide (chitsulo cha pamwamba chomwe chimatsetserekera kumbuyo) kumbuyo, muone ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo. Ngakhale anene kuti ndaona kale, onaninso nokha, ndipo musalozetse munthu olo ili empty.

Kenako igwireni. Dzanja likwere mpaka pamwamba penipeni pa chogwirira, mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ukanikize kumbuyo kwake, mpope ukhale mzere umodzi ndi mkono. Muli choncho, mutapempha chilolezo, ikani chamkombaphala pa trigger. Pakuyenera kufika ndi kamnofu ka kunsonga kwa chala, pamene amadinda pa fingerprint paja. Ngati kuti mufike mukuchita kupotoza dzanja mfuti nkukhalira pa fupa la chala chachikulu, imeneyo yakukulirani, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza, amati ndizolowera, koma chala sichitalika ndi practice. Beretta 92, yomwe asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1985 ndi dzina loti M9, imadziwika ndi chogwirira chonenepa komanso trigger yake pa shoti yoyamba imakhala patali ndiponso yolimba, pafupifupi makilogalamu 5, pomwe ya Glock ili cha m'ma 2.5. A manja ang'ono amavutika nayo zenizeni. Z88 ya ku South Africa ndi Beretta yomweyo yopangidwa konko ndiye vuto ndi limodzi. Pomwe 1911 ya John Browning chogwirira chake ndi chopyapyala chifukwa zipolopolo zimandanda mzere umodzi, kungoti mumalowa 7 zokha za .45 ACP pomwe Glock 17 imatenga 17 za 9mm.

Makampani anazindikira zimenezi. Walther P99 inabwera mu 1997 ndi tizidutswa tosinthasintha ta kumbuyo kwa chogwirira, Glock inatsatira pa mtundu wake wa Gen4 mu 2010, ndipo pa Gen5 mu 2017 anachotsa timizere toikamo zala ta pa chogwirira, tomwe ena timawakwana ena ayi. SIG P320 yomwe inalowa m'malo mwa M9 mu 2017 mumatha kusintha chogwirira chonse, small, medium kapena large. Ndiye funsani zimenezi musananene kuti mfuti siikukwanani.

China ndi mmene imalozera. Sankhani kadontho pa khoma komwe kulibe munthu, chala kunja kwa trigger, tsinzinani, kwezani mfuti ndi manja awiri kenako tsegulani maso. Ma sight, tizitsulo tolozera ta pamwamba pa mfuti, ali pati? Chogwirira cha Glock ndi chopendekeka kwambiri kuposa cha 1911, ndiye amene anazolowera 1911 kapena CZ akanyamula Glock kawirikawiri amapeza mpope ukuloza m'mwamba pang'ono. Ichi chokha mukhoza kuzolowera, koma ine ndimaona kuti kulimbana ndi mkono wako womwe ndi kutaya zipolopolo, ndipo sizotchipa.

Mabatani musawaiwale. Chala chachikulu chikufika pa batani lotulutsira magazini osasuntha dzanja? Nanga safety, kabatani kotsekera kuti mfuti isawombe, ngati ilipo? Ya 1911 ili pa frame, thupi la mfuti la kumunsi kwa slide, mumangoitsitsa, ya Beretta ili pamwamba pa slide mumachita kutambasula chala. Amanzere funsani ngati batani la magazini limatembenuzika. Slide nayo ikokeni kangapo, ngati ikukukanikani pali zina zopangidwira zomwezo monga Smith & Wesson Shield EZ.

Tsopano bodza lomwe lafala kwambiri ndi loti kamfuti kakang'ono ndi kosavuta, mpaka kumawagulira amayi kapena oyamba kumene. Ayi ndithu. Chipolopolo ndi chomwecho cha 9mm, mfuti ikapepuka kukankha konse kumathera m'dzanja lanu, komanso chala chomaliza chimasowa pogwira. SIG P365 ndi yabwino kunyamula koma imadumpha, pomwe CZ 75 yachitsulo yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi imawombera mofatsa, kungoti kuyenda nayo m'chiuno tsiku lonse mumva. Glock 19 imagulidwa kwambiri chifukwa ili pakati pa ziwirizi.

Zonsezi ndi za mu shopu, koma mfuti imaulula khalidwe lake ikalira. Pitani ku range, malo ophunzirira kuwombera, komwe amabwereketsa, pakhale mlangizi, magalasi ndi zotseka m'makutu muvale, muwombere mitundu itatu kapena inayi pa mtunda umodzi ndi zipolopolo zofanana. Yang'anani komwe zagwera pa pepala, ngati slide siikukulumani pamnofu paja, komanso ngati siikuterereka manja akachita thukuta. Nthawi zina imene inkamveka bwino mu shopu ndi imene imamwaza.

Kwa amene muli ku Joni, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna mukhale ndi zaka 21, mukhale nzika kapena wa permanent residence, mupeze kaye competency certificate (chikalata chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti), ndipo laisensi imatuluka pa mfuti imodzi yomweyo ndi serial number yake. Mukaigula nkupeza kuti siikukwanani, ina ija muyambiranso mapepala ku SAPS, polisi ya ku South Africa.