Musanathamangire felemu ya njinga yopepuka, yang'anani izi kaye

Mkangano wa magalamu uja sutha eti. Kampani ikangotulutsa modelo yatsopano ya njinga za m'mapiri anthu ayambapo, wina akuti felemu yalemera mopusa, wina akuti ayi bola yalimba, koma onsewo akungowerenga nambala ya pa katalogi, njingayo sanaikhudze n'komwe.

Inu yambani ndi sikelo. Ngakhale yopachika ija yoyezera chimanga imagwira, kolekani njinga yonse ndi mapedulo omwe, chifukwa makampani amakonda kuyeza popanda mapedulo ndipo nthawi zina felemu yokha yopanda shoko. Felemu ya kaboni ya hardtail (njinga yopanda shoko kumbuyo) ya mpikisano imasewera cha mu 1 kg, ya aluminiyamu cha mu 1.6 mpaka 2 kg, yachitsulo imadutsa 2 kg. Ndiye kusiyana kwa kaboni ndi aluminiyamu kuli ngati botolo limodzi la madzi la 750 ml lomwe mumanyamula kale osadandaula. Ngati mukufunadi kumva kupepuka pa chitunda, ndalamayo iponyeni ku marimu ndi matayala, kumeneko ndiye mwendo umazindikira msanga.

Mukatero funsani za head angle, kagonedwe ka foloko poyeza m'madigiri, apa ndi pomwe pali nkhani yeniyeni. Njinga zakale za mawilo a mainchesi 26 zinkakhala cha mu madigiri 70 kapena 71, pamtsetse mumangomva ngati mugwa chamutu kudutsa pa mahandulo. Za masiku ano za XC (za mpikisano wokwera ndi kutsika zitunda) zili cha mu 67, za trail (zongoyendera tinjira ta m'mapiri) 65 kapena 66, za enduro (zotsikira mitsetse yovuta) mpaka 64, foloko yagonera kutsogolo ndipo felemu yatalika, nde chitsulo kapena kaboni achuluka, kulemera kukwera basi. Sikuti mainjiniya achita ulesi ayi. Ngati mumatsika misewu ya miyala ngati ya pa Zomba Plateau tengani yogonayo, magalamu muwaiwale.

Kenako iwoneni ngati makaniko. Makebulo akulowera mu headset, mabelingi a pakhosi pa felemu pomwe foloko imazungulira? Zimaoneka zaukhondo pa chithunzi koma tsiku losintha mabelingi mpaka kumasula paipi ya mabuleki, ine zimenezo sindigwirizana nazo. Pa njinga ya Scott Spark ija ankakwera katswiri wa mipikisano Nino Schurter, kampani inabisa shoko mkati mwa felemu, yokongola zedi, koma iye anali ndi makaniko ake ake, inu muli ndi ndani? Bottom bracket, mabelingi a ekiselo ya mapedulo, sankhani ya mazinga, press-fit yongokhomera ija ikayamba kulira imasowetsa mtendere. Onaninso ngati ili ndi UDH, hanger (kachitsulo kogwirizira chosinthira magiya akumbuyo) imene kampani ya SRAM inatulutsa mu 2019, imapezeka mosavuta kusiyana ndi ija ya modelo imodzi yokha, komanso ekiselo ya kumbuyo ikhale ya saizi ya Boost 148 (mamilimita 148 m'lifupi) kuti wilo lina mudzalipeze.

Ikakhala yakaunjika musachite manyazi, ipukuteni bwinobwino pamaso pa mwini wake. Ya aluminiyamu unikani ndi tochi mowotcherera monse makamaka pakhosi ndi pansi pa mapedulo, kamzere kakuda kowonda ndi mng'alu umenewo, ndipo wowotcherera wa pa msika sangaikonze ikakhala bwino, aluminiyamu imafuna kawotchereredwe kapadera kotchedwa TIG komanso kuiwotchanso mu uvuni. Ya kaboni igogodeni pang'onopang'ono ndi kobiri, paliponse pazilira mofanana, pakamveka phuu ngati pofewa ndiye kuti mkati munasweka, isiyeni ngakhale atsitse mtengo bwanji.