Mapazi a chinchilla akauma ndi kung'ambika, yambani mwayang'ana khola

Chinchilla ndi kanyama ka ubweya wofewa kwambiri kochokera ku mapiri a Andes, makamaka m'dziko la Chile. Ndi mbale wake wa mbira imene ambiri timaidziwa. Kwawo kamakhala m'matanthwe, kumalo ozizira ndi ouma, n'kumalumpha kuchoka pa mwala uwu kupita pa uwo. Mu 1923 katswiri wa migodi wa ku America, Mathias Chapman, anatenga tinyamati 11 kupita nato ku California, ndipo kuyambira pamenepo kamawetedwa m'makola m'maiko ambiri. Koma mapazi ake akadali a kumatanthwe komweko, ndipo pamenepa ndi pamene oweta ambiri amalakwitsa.

Mukatembenuza phazi la chinchilla mupeza kuti kunsi kwake kulibe ubweya, kusiyana ndi phazi la kalulu. Kuli khungu lokhalokha. Kanyamaka kakamakula, khungulo limalimba ndi kukhakhala, mwina n'kumafunduka pang'ono m'mbali. Izi si matenda. Khungu lolimbalo ndiye nsapato yake. Ena akaona choncho amayamba kukadzoza mafuta tsiku ndi tsiku mpaka phazi litafewa ngati la mwana wakhanda, kenaka kakalumpha n'kutera pa thabwa, khungu lija limang'ambika. Ndikukupemphani kuti phazi likangokhala lolimba, lopanda chilonda, lisiyeni.

Chofunika kuda nacho nkhawa ndi zikang'a zozama, phazi lofiira, lotupa kapena lotentha, timadontho ta magazi pa matabwa, nkhanambo yakuda, kapena mafinya. Onaninso mayendedwe ake. Kakamatsimphina, kakamanyamula phazi limodzi pokhala, kapena kakasiya kukwera pamwamba pomwe kamakonda, ndiye kuti kakumva ululu. Kanyamaka kamabisa matenda mpaka zitafika poipa, choncho khalani ndi chizolowezi choyang'ana mapazi onse anayi kamodzi pa sabata, makamaka akumbuyo amene amasenza thupi. Mukayezenso pa sikelo ya kukhitchini, poti kutsika kwa thupi kumaonekera pa sikelo msanga kusiyana ndi m'maso.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi pomwe kamaponda. Pansi pa khola pakakhala pa waya pamachititsa kuti thupi lonse litsamire pa malo amodzimodzi a phazi usana ndi usiku. Pulasitiki wosalala nayenso sathandiza, ndipo mkodzo ukaima pamenepo khungu limavunda, tizilombo monga Staphylococcus n'kulowera m'ming'alu. Phimbani wayayo. Ikani matabwa a paini woumitsidwa bwino, matailosi pakona imodzi, ndi nsalu yofewa ya fleece pamalo pogona, kuti phazi liziponda zinthu zosiyanasiyana monga zimakhalira kwawo. Matabwa ndi utuchi wa cedar musagwiritse ntchito chifukwa mafuta ake amavutitsa tinyama ting'onoting'ono. Pomwe panyowa chotsanipo tsiku lomwelo, nsalu muzichapa kawirikawiri, ndipo thabwa likakhala ndi zobaya lipaleni. Ngati muli ndi gudumu lothamangiramo, likhale logwirana, osati la timawaya. Kunenepa kumawonjezeranso mtolo pa mapazi, choncho chakudya chachikulu chikhale udzu wouma, zotsekemera ayi.

Chachiwiri ndi fumbi losambira. Chinchilla sasamba madzi, chifukwa ubweya wake ndi wothithikana moti suuma msanga ndipo chipere chimayambira pamenepo. Amagubuduka m'fumbi losalala la miyala ya mapiri ophulika, lomwe limayamwa mafuta a m'thupi. Fumbi lomwelo limaumitsanso mapazi. Kawiri kapena katatu pa sabata, kwa mphindi 10 mpaka 15, n'kokwanira, ndipo akamaliza chotsani mbaleyo m'khola kuti asaisandutse pogona kapena chimbudzi. Inu amene muli ku Johannesburg nyengo yozizira yopanda mvula, kapena ku Britain kumene zotenthetsa nyumba zimaumitsa mpweya, chepetsani kusambako mukaona mapazi ndi makutu zikufunduka. Khola lisakhale pafupi ndi chotenthetsa. Kutentha kopitirira madigiri 27 kungathe kupha kanyamaka.

Phazi likauma mpaka kuyamba timing'alu tosatuluka magazi, apo mukhoza kupaka mafuta ochepa kwambiri, opanda fungo, kuchuluka kwake ngati kambewu ka mpunga. Oweta ambiri ku America amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa Bag Balm. Pakani mpaka alowe, ndipo kagwireni m'manja kwa mphindi zingapo kuti kasanyambite. Tsiku limenelo kasalowe m'fumbi, poti fumbi limamatirira ku mafuta n'kulowa m'ming'alu. Khungu likabwerera mwakale, lekani. Mafuta athu odzola onunkhira aja musayese, kanyamaka kamanyambita chilichonse chimene chili pa thupi pake.

Koma pakakhala chilonda chotseguka, kutupa kapena mafinya, nkhani ya kunyumba yatha. Pitani kwa dokotala wa ziweto amene amadziwa tinyama totere, chifukwa matendawa akazama amafika ku fupa ndipo amatenga miyezi kuti apole. Musafinye chotupa, musakanganule nkhanambo, ndipo musamange phazi mothinitsa. Choopsa kwambiri ndi kukapatsa mankhwala otsala a anthu kapena a galu. Penicillin ndi amoxicillin wakumwa amapha tizilombo tothandiza m'matumbo mwa chinchilla, monganso mwa mbira, ndipo kanyamako kangafe m'masiku ochepa. Dokotala ndiye asankhe mankhwala ochapira chilonda, opha tizilombo ndi ochepetsa ululu.

Pa nthawi yochira, yalani nsalu zofewa pansi ponse, tsitsani matabwa kuti kasalumphe kuchokera patali, ndipo fumbi liyambe ladikira kufikira chilonda chitatsekeka. Muzionetsetsa ngati kakudya ndi kuchita zitosi monga mwa masiku onse. Kakangosiya kudya kwa maola 12, bwererani kwa dokotala tsiku lomwelo.