Magiya a m'habu akamaphonya, musathamangire kumasula habu

Ndiyambe ndi chimene chimandiwawa. Munthu wagula njinga yabwinobwino ya magiya a m'kati, aja obisika m'habu ya kumbuyo, wayenda nayo miyezi ingapo, tsiku lina pa chitunda waponda mwamphamvu ndiye mapedulo angoti phwa kuzungulira opanda kanthu bondo nkukamenya handulo, mawa lake wapita nayo pansi pa mtengo paja amakonza njinga ndiye mmisiri poti habu yotere sanaitsegulepo akuti iyi yatha bwana, tichotse tiike wilo lawamba. Habu yonse nkutayidwa pomwe vuto linali kebulo yongofuna kupotokola kawiri ndi zala basi. Ndaziona kangapo zimenezi. Ndiye abale anga musanalole munthu kumasula habu onani kaye zapanja, nthawi zambiri matenda amakhala pakati pa chala chanu ndi ekiselo, m'katimo muli bwinobwino.

Choyamba dziwani habu yanu ndi mtundu wanji, pukutani fumbi pakati pa masipoko paja dzina limalembedwa pompo. Kuno kwathu mupeza mitundu iwiri kwambiri. Pali Sturmey-Archer, ija ya pa ma Raleigh akale a azigogo athu komanso pa zambiri mwa njinga zija ankayendera a positi a Royal Mail ku Britain zomwe zinafika zochuluka ku Blantyre kudzera ku Chilomoni. Iyi muizindikira ndi katcheni kakang'ono kotuluka m'kati mwa ekiselo mbali ya kumanja. Ndiye pali Shimano Nexus ya magiya 3, yomwe ili pa njinga zambiri za kaunjika zochokera ku Japan zija za basiketi kutsogolo, iyo ilibe katcheni koma ili ndi kabokosi kovala kumapeto a ekiselo, dzina lake bell crank. Za magiya 7 ndi 8 nazo zilipo, ndizinena kumunsiku.

M'katimo si zamatsenga ayi. Pa Sturmey-Archer AW, ya magiya 3, yomwe anayamba kupanga mu 1936 ku Nottingham, muli giya imodzi yomatirira pa ekiselo ndi timagiya tinayi toizungulira. Pa giya 2 sipuloketi ndi wilo zimazungulira limodzi, pa 3 sipuloketi ikazungulira katatu wilo lazungulira kanayi, pa 1 ndi mosemphana, sipuloketi kanayi wilo katatu. Chimene chimasankha ndi kachitsulo koyenda uku ndi uku pa ekiselo, amati klatchi, ndipo kebulo yanu ntchito yake nkungokaika pamalo pake enieni. Kakaphonya malo ndi mamilimita awiri okha giya siigwira. Nchifukwa chake ndikulimbikira za kebulo.

Tiyambe ndi Sturmey poti ndi imene imaopsa anthu. AW yakale ili ndi malo opanda giya pakati pa 2 ndi 3, ndiye kebulo ikakhwepa pang'ono klatchi imakakhala pamenepo, ndi paja mapedulo amazungulira ulele. Kukonza kwake nkotere. Ikani kosinthira pa 2, pa zina zakale panalembedwa N. Gwadani mbali ya kumanja muyang'ane pa kabowo kali pa nati yaitali ija katcheni kamatulukirako. Katcheni kaja kamalumikizana ndi kandodo kachitsulo kolowa m'ekiselo, ndipo phewa la kandodoko, pomwe kakuthera kuti katcheni kayambe, likuyenera kukhala ndendende ndi mapeto a ekiselo, lisatuluke komanso lisabisike m'kati. Ngati labisika kebulo yakhwepa, ngati latuluka kwambiri yakoka mopyola. Pomwe kebulo ikukumana ndi katcheni pali kachubu ka mazinga ndi kanati kokhoma, masulani kanatiko ndi zala, potokolani kachubu mpaka phewa lifike pamzere, kenako mangani kanati kaja molimba, mukakaiwala mawa lomwe mubwereranso pomwepa chifukwa misewu yathu ya mabampu imamasula chilichonse.

Ngati kwada kapena nati yanu ilibe kabowo pali njira ina yoyesera. Pa 3 kebulo izikhala yokhwepa pang'ono chabe, pa 1 izikhala yokungika moti mukakoka katcheni ndi zala kasatulukenso kupitirira pang'onong'ono. Kosinthira kakamakana kufika pa 1 ndiye mwakoka kwambiri, bwezani.

Kandodo kaja nakonso kamapotera m'kati ngati bawuti, ndipo apa anthu amalakwitsa pomanga ndi pulayazi. Ayi, ndi zala zokha, potani mpaka kalimbe kenako bwezani pang'ono, osapitirira theka la kuzungulira, kuti katcheni kaloze komwe kebulo ikuchokera nkumapinda bwino pakamwa pa nati. Onaninso timfundo ta katcheniko, njinga ikagwera kumanja ndi iko kamayamba kumenya pansi, kakapindika kapena kuuma ndi dzimbiri kamakodwa pakamwa pa nati ndiye giya imachedwa kulowa olo mwasintha bwinobwino. Dontho limodzi la oyilo pamenepo limathandiza, kakapindika kwambiri sakani kena koma kautali wofanana, timasiyana kutengera kutalika kwa ekiselo.

China chimene ambiri sadziwa, pa Sturmey mukangosuntha wilo basi magiya asokonekera. Mwamatitsa chubu, mwakoka wilo kumbuyo kuti tcheni chikungike, kebulo nayo yasintha pompo. Ndiye mukamva wina akuti njinga inali bwino koma chichokereni komata chubu yayamba kuphonya, musayang'ane kutali, ikani pa 2 muone phewa lija. Onaninso kachitsulo komanga pa felemu pomwe chikopa cha kebulo chimathera, ndi kawilo kakang'ono kodutsa kebulo pansi pa chishalo ngati njinga yanu ili nako, zikatsetsereka olo pang'ono kebulo yonse imakhwepa ndipo mupotokola kachubu mpaka mazinga kutha osapindula kanthu.

Kebulo ya Sturmey ikaduka muli paulendo njinga imagwera pa 3, giya yolemera ija, chifukwa sipuling'i ya m'kati imakankhira kumeneko. Ngati kutsogolo kuli mitunda kokani katcheni ndi dzanja mpaka katheretu, mukamange ndi waya kapena linya ku felemu kali kokungika choncho, mufika kunyumba pa giya 1 pang'onopang'ono.

Tsopano za ku Japan zija. Izi nzosavuta kwambiri koma zili ndi msampha wake. Ikani pa 2, yang'anani pa kawindo kali pamwamba pa kabokosi, muona kachizindikiro kachikasu ndi mizere iwiri yoyera, kachikasuko kakhale pakati pa mizereyo. Ngati kali pambali masulani kanati pomwe kebulo ikulowera m'kabokosi, potokolani kachubu mpaka kafike pakati, sinthani 1, 2, 3, mubwerere pa 2 muonenso, kenako mangani. Pa zina zakale m'malo mwa chikasu mupeza mzere wofiira pa kandodo woyenera kulingana ndi mapeto a ekiselo, nzeru yake ndi yomweyo. Kawindo kakachita chifunga ndi fumbi pukutani ndi kansalu konyowa muunike ndi tochi ya foni.

Msampha ndi uwu. M'kati mwa ekiselo muli kandodo kongolowetsa, kopanda mazinga, kabokosi kaja kamakakankha kuti giya isinthe. Pochotsa wilo munthu akaligoneka chakumanja kandodo kamasolokoka nkugwera mumchenga, iye osaona, wabwezera zonse bwinobwino koma njinga yangokhala pa giya 1 basi, kosinthira kakuyenda koma palibe chikuchitika. Ine ndinakhalapo pafupifupi ola lathunthu ndikusefa mchenga ndi manja pamalo ena omatira machubu kufuna kandodo kameneka, tinakapeza mwamwayi. Chonde mukamachotsa wilo ikani kaye pa 1, masulani kabawuti ka kabokosi, chotsani kandodo mukaike m'thumba. Pobwezera kandodoko mbali yake yokhala ndi sipuling'i iloze momwe munaipezera, kazitulukira kunja pafupifupi mamilimita 14, kabokosi mukakankhe kakhale mpaka kumapeto musanamange, ndipo kabawutiko musakamange ngati nati ya wilo, kamathyoka. Kabokosi kakasweka chifukwa cha kugwa palibe kumata, nkusaka kena.

Za magiya 7 ndi 8 zilibe katcheni kapena kabokosi, kebulo imakulunga pa kambale kali pakati pa sipuloketi ndi felemu. Apa giya yoyesera ndi 4. Yambani pa 1 mukwere mpaka 4, muone timizere tiwiri tachikasu pa kambale kaja, pa zina ntofiira, tikuyenera kuyang'anizana ngati mzere umodzi, ndipo kopotokola kali kumtunda pa handulo pomwe kebulo ikutulukira. Habu izi sizipirira kuphonya ngati za magiya 3, mzere ukasemphana pang'ono mumva kuti kha kha mukaponda. Pa Nexus 8 zambiri mukaika kebulo yatsopano kabawuti ka kumapeto kamangidwe pa mamilimita 101 kuchokera pothera chikopa, yezani ndi lula osati ndi maso. Ndipo udzu, ulusi wa chitenje, matope ouma, zonsezi zimakonda kukulunga pa kambale kaja nkukalepheretsa kubwerera, tsukani ndi kamswachi kakale.

Nanga mwalinganiza zonse koma giya ikulowabe mochedwa, makamaka mbali imene kebulo imabwerera yokha? Ndiye kebulo yauma m'chikopa mwake. Kukoka mumakoka ndi chala chanu koma kubweza ndi sipuling'i yofooka ya m'habu, ikakumana ndi dzimbiri la nthawi ya dzinja kapena fumbi la mu Okutobala imalephera. Masulani kebulo kumbuyo, igwireni ndi zala wina azisintha kutsogolo, izitsetsereka mosavuta. Ikamagwiragwira, kapena chikopa chapindika penapake, kapena tiwaya tayamba kuyoyoka, gulani ina, ndi yotchipa. Onaninso kuti katundu wa pa kaliyala kapena malamba omangira sakuipanikiza.

Kuphonya kwina si kwa magiya nkomwe. Tcheni chikakhwepa kapena mano a sipuloketi akatha nkusongoka ngati minga chimalumpha mukaponda, ndipo zimenezi zimachitika pa giya iliyonse mofanana, pomwe vuto la kebulo limasankha giya. Sipuloketi yomwe imagwidwa ndi kamphete ka sipuling'i, kakachoka m'malo imagwedera. Ndiye pali mawasha aja okhala ndi kadzino kolowa m'mpata wa felemu, ntchito yawo nkuletsa ekiselo kuzungulira, omata chubu ena amawataya poganiza kuti ndi mawasha wamba, akasowa ekiselo imayamba kupotoka nkuwononga felemu ndi kebulo yomwe. Akhalepo ndithu, manati muwamange molimba ndi sipanala ya 15.

Kasinthidwe kanunso kaonedwe. Habu izi sizifuna kusintha mutaponda mwamphamvu, pepukitsani phazi kaye, pa Sturmey yakale siyani kupalasa kamphindi kapena bwezani mapedulo kumbuyo pang'ono giya ilowe. Ubwino wake mutha kusintha mutaima pa roboti, ndiye musadikire kufika pakati pa chitunda ndi thumba la chimanga kumbuyo. Ndipo giya ikayamba kuphonya musapitirize kuyenda nayo masabata, kuphonya kulikonse kumadya ngodya za klatchi, pamapeto pake vuto la zala ziwiri lija limasanduka la m'kati zenizeni.

Za oyilo ndinenepo pang'ono. AW yakale ili ndi kachivindikiro pa thupi la habu, pafupi pomwe anadinda chaka ndi mwezi umene inapangidwa, mwachitsanzo 74 6 ndiye kuti Juni 1974. Tsegulani muthire oyilo wa injini wopepuka madontho angapo pa mwezi. Mafuta ophikira ayi chonde, amauma nkukhala ngati ulimbo, girisi wolimba nayenso ayi, chifukwa m'katimo muli timano togwira tokhala ndi tisipuling'i topyapyala ngati tsitsi, tikamatirira mapedulo amazungulira ulele olo kebulo ili bwino. Habu yathanzi imalira kuti tiki tiki tiki pa 2 ndi pa 3, ikangoti zii mutasiya njinga nthawi yaitali ndiye timano tauma, thirani oyilo wochulukirapo, zunguzani wilo, yendani nayo masiku awiri atatu, zambiri zimadzuka zokha. Za Sturmey zatsopano komanso za Shimano zinabwera ndi girisi wake wofewa ndipo zilibe kachivindikiro, chachikulu musazimize m'madzi powoloka mtsinje kapena potsuka.

Ngati mwachita zonsezi, phewa lili pamzere, kebulo ikutsetsereka, oyilo walowa, koma pa 3 ikuphonyabe mukaponda kapena mukumva kukukuta ngati muli miyala, apo ndiye ndi m'kati, klatchi kapena timapini togwira timagiya tija tatha kapena mabero asweka. Musaimirire pa mapedulo mpaka ikonzedwe, mugwa koopsa. Funsani mmisiri mosabisa ngati anatsegulapo habu yotere, ndipo pitani ndi habu ina yakufa ya mtundu womwewo yochotsako zipangizo chifukwa m'mashopu ambiri simuzipeza. Atsegulire m'beseni kapena pa nsalu yoyera osati pa dothi, inu muzijambula ndi foni chilichonse chisanachoke pamalo pake. Pobwezera AW koni ya kumanja, nati yosongoka yogwira mabero, imamangidwa ndi zala nkubwezedwa theka la kuzungulira kenako nkukhomedwa, kulinganiza mabero konse kumachitikira kumanzere, ndipo muzisiya kakugwedera kochepa kwambiri mukagwira limu, mukamanga gwa mapedulo azizungulira okha mukamakankha njinga.